Mmene Amasankhira Ophunzira Kuyendetsa Ndege, ndi Mmene Wachinyamata wa ku Machinga kapena ku Balaka Angakonzekerere

Kampani ya ndege ikafuna kudziphunzitsira yokha achinyamata oti adzayendetse ndege zake, siifunafuna munthu wodziwa kale ntchitoyo. Imafuna munthu wophunzitsika: wa mutu wogwira msanga, wa maso ndi manja omvana, wa thupi labwino, ndiponso wosabalalika zinthu zikathina. Ophunzira otere amatchedwa makadeti, ndipo ena amasankhidwa asanakwerepo ndege n'kamodzi komwe. Popeza maphunziro ake amadya ndalama zochuluka zedi, ndipo kawirikawiri zimalipiridwa m'madola kapena m'marandi, kampani imayamba yasefa kaye, ndipo imasefa mosanyengerera. Kusefako kumayambira pa mapepala a sukulu, kudzera ku mayeso a pakompyuta, ntchito ya pagulu ndi mafunso a pamaso ndi pamaso, mpaka kukafika kwa dokotala. Makampani amasiyana pa zomwe amayamba nazo, koma zomwe amafuna kuona mwa munthu n'zofanana pafupifupi kulikonse.

Kuno ku Malawi zitseko za ntchitoyi n'zochepa. Kampani ya Air Malawi, yomwe idakhazikitsidwa mu 1964, idatha mu 2013, ndipo m'malo mwake mudalowa Malawi Airlines yomwe idayamba maulendo mu Januwale 2014. Boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse mu kampaniyi, ndipo otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Ndege zake, za mtundu wa Boeing 737 ndi Dash 8 Q400, zimanyamukira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi la ku Chileka kupita ku mizinda monga Johannesburg, Lusaka, Harare, Nairobi ndi Dar es Salaam. Amalawi ambiri oyendetsa ndege zonyamula anthu adakaphunzira kunja, makamaka ku South Africa komwe kuli sukulu monga 43 Air School ya ku Port Alfred. Ku Addis Ababa nako Ethiopian Airlines ili ndi sukulu yakeyake yayikulu. Khomo lina ndi la usilikali: nthambi ya ndege ya gulu la nkhondo la Malawi, yomwe ili ndi bwalo lake ku Zomba, pafupi ndithu ndi Machinga. Wolowera khomo limeneli amayamba wakhala msilikali, ndipo maofesala a asilikali amasulidwa ku MAFCO ku Salima. Makampani ambiri a mayiko ena amatenga makadeti okhawo omwe ndi nzika za dziko lawo, choncho mzere woyamba kuuwerenga pa chilengezo chilichonse ndi wonena za unzika.

Mwayi wotere sutuluka chaka ndi chaka, ndipo ukatuluka nthawi yolembera imakhala yaifupi. Woyamba kukonzekera ataona chilengezo amakhala atachedwa kale. Komabe zambiri zomwe amayesa sizifuna bwalo la ndege. Zikhoza kukonzedwa munthu ali ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe kapena ku Phalula, zaka zingapo mwayiwo usanafike.

Sefa yoyamba ndi ya mapepala, ndipo anthu ambiri amagwera pomwepa osaitanidwa n'komwe. Pa satifiketi ya MSCE maso a osankha amathamangira pa Masamu, Fizikisi ndi Chingerezi. Pa mlingo wa MANEB, 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Wongokhoza chabe pa maphunziro atatuwa safika patali. Vuto la sukulu zambiri za CDSS za m'maboma a Machinga ndi Balaka n'lodziwika: malabu ndi osowa, aphunzitsi a sayansi ndi ochepa, ndipo ana ambiri amasiya Fizikisi akalowa Fomu 3 pofuna maphunziro opepukirapo. Wosiya Fizikisi pa msinkhu umenewu amadzitsekera yekha khomo la ndege asanadziwe kuti lilipo. Palinso kanthu kakang'ono kamene kamagwetsa anthu: dzina ndi tsiku lobadwa zikhale zofanana pa satifiketi, pa chiphaso cha unzika ndi pa pasipoti. Dzina lolembedwa mwa mtundu wina pa pepala lina ndi mwa mtundu winanso pa pepala lina limatenga miyezi kuti likonzedwe, ndipo kampani siidikira.

Kupimidwa m'thupi nthawi zambiri kumabwera kumapeto, koma wanzeru amayamba nako, chifukwa n'komwe kulimbikira sikungasinthe zambiri. Woyendetsa ndege zonyamula anthu amafunika chikalata cha zaumoyo cha Class 1, chomwe amapereka ndi dokotala wovomerezeka ndi akuluakulu a zandege, osati dokotala wina aliyense. Amapima mtima, kuthamanga kwa magazi, mapapo, mkodzo, makutu ndi maso. Kuvala magalasi pakokha sikulepheretsa munthu ngati akuona bwino atawavala. Chomwe chimadzidzimutsa ambiri ndi mayeso osiyanitsa mitundu. Amagwiritsa ntchito timapepala ta madonthomadontho tomwe adakonza dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, mu 1917: pakati pa madonthowo pamabisala nambala yomwe munthu wosasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira saiona. Vutoli ndi lobadwa nalo, limagwira amuna kuposa akazi, ndipo munthu akhoza kukula nalo mpaka kukwatira osadziwa. Pa ndege n'lalikulu, pakuti nyali ya kuphiko lakumanzere ndi yofiira pamene yakumanja ndi yobiriwira, ndipo nyali zotsogolera potera zimauza woyendetsa ngati wakwera kapena watsika kwambiri kudzera m'mitundu yofiira ndi yoyera. Khunyu, matenda aakulu a mtima ndi shuga wofuna jakisoni ndi zina mwa zomwe zimavuta kwambiri pa chikalatachi. Makutu nawo ngofunika kuwasamala: khutu lotuluka mafinya lomwe lidangosiyidwa paubwana, kapena chizolowezi chomvera nyimbo mokweza ndi timahedifoni tsiku lonse, zimaonekera pa makina opimira kumva. Kubisa matenda pa fomu ya dokotala ndi kudzikumbira dzenje, chifukwa kupimidwaku kumabwerezedwa chaka chilichonse pa moyo wonse wa ntchito.

Mayeso a pakompyuta ndiwo amaopsa anthu kwambiri. Alipo a mitundu ingapo odziwika pa dziko lonse, monga COMPASS, PILAPT, ADAPT, ndi a bungwe la DLR la ku Germany. Ambiri amakhala ndi gawo la masamu, ndipo masamu ake si ovuta kuposa a Fomu 4. Kuvuta kwake n'kwakuti palibe kakyuleta ndipo wotchi ikuthamanga. Funso likhoza kunena kuti ndege ikuuluka pa liwiro la manoti 240, ndiye kuti mamailosi a panyanja 240 pa ola. Kodi itenga mphindi zingati kuti imalize mamailosi 60? Wozolowera amagawa 240 ndi 60 n'kupeza mamailosi 4 pa mphindi, n'kuyankha kuti mphindi 15, mnzake akadalembabe. Lina linganene kuti ndege ikudya makilogalamu 1,200 a mafuta pa ola, nanga pa mphindi 50 idya angati? Yankho ndi 1,000. Oyendetsa ndege ali ndi kalamulo kakuti pa mafiti 1,000 alionse otsika pamafunika mamailosi atatu, motero ndege yomwe ili pa mafiti 24,000 iyambe kutsika kutatsala mamailosi 72. Muyeso wa zandege nawo ngoyenera kuuzolowera: kutalika kopita kumwamba kumayezedwa m'mafiti, mtunda m'mamailosi a panyanja, ndipo mailo imodzi yotere ndi makilomita 1.852. Mankhwala a gawo limeneli ndi chizolowezi basi: mphindi zochepa tsiku lililonse za kuchulukitsa, kugawa ndi maperesenti a pamtima, wotchi ili pambali. Ngakhale bawo, yomwe imaseweredwa kwambiri m'misika ya kuno, imaphunzitsa mutu kuwerengera patsogolo dzanja lisanagwire njere.

Fizikisi yake ndi ya zinthu zooneka: magiya, magetsi, kupanikizika kwa mpweya, ndi mphamvu zinayi zomwe zimalimbana pa ndege ili m'mwamba, yokweza, yolemera, yokankhira kutsogolo ndi yobweza m'mbuyo. Funso lokondedwa ndi lakuti n'chifukwa chiyani ndege imafuna msewu wautali ponyamuka kukatentha. Mpweya wotentha ndi wopepuka, mapiko sapeza pogwira pokwanira ndipo injini imachepa mphamvu. Ndege yaing'ono yonyamuka pa kabwalo ka fumbi ka m'nkhalango ya Liwonde masana a mwezi wa Okutobala imathamanga mtunda wautali isanadzuke kusiyana ndi m'mawa wa mwezi wa Juni.

Kenaka pamabwera mayeso a kudziwa komwe munthu wayang'ana. Kompyuta imaonetsa kampasi ndi chida chosonyeza kupendekeka kwa ndege, n'kufunsa kuti pa zithunzi zinayi ndi iti ndege yomwe zidazo zikunena. Pa kampasi kumpoto ndi madigiri 360, kum'mawa 090, kumwera 180, kumadzulo 270. Wochoka ku Balaka kupita ku Liwonde amalunjika kum'mawa mopendekera pang'ono kumwera, cha m'ma 110, ndipo pobwerera amawonjezera 180 n'kupeza 290. Manambala olembedwa kumapeto kwa msewu wa ndege amachokera pomwepa: wa pa bwalo la Kamuzu uli ndi 14 mbali ina ndi 32 mbali inayo, kutanthauza madigiri pafupifupi 140 ndi 320. Wophunzira akhoza kudzizoloweza ndi mapu a sukulu: kuima pa mlatho wa Liwonde m'maganizo, Shire akuchokera kumpoto ku nyanja ya Malombe, n'kumadzifunsa kuti Zomba ili mbali iti, Nayuchi ili mbali iti, nanga akatembenukira kumanja madigiri 90 ayang'ana kuti.

Gawo lomwe limasiyanitsa anthu kwenikweni ndi la kuchita zinthu zingapo nthawi imodzi. Woyesedwa amagwira kandodo kowongolera, nthawi zina mapazi ali pa mapedulo, n'kumayesetsa kuti kadontho kothawathawa kakhale pakati pa sikirini. Ali mkati mochita zimenezo, m'makutu mukulowa manambala oti awakumbukire, pakona pa sikirini pakutuluka kasamu koti ayankhe, ndipo nyali ikayaka ayenera kudina batani. N'zofanana ndi zomwe amachita kondakitala wa minibasi ya pakati pa Balaka ndi Liwonde: chenji chili m'mutu, khutu lili kwa dalaivala, diso lili pamsewu kusaka wokwera, ndipo sakuiwala mayi wotsikira pa Mangochi Turn-off. Mayesowa adapangidwa dala kuti munthu aliyense afike polephera. Chomwe makinawo amalemba ndi mmene munthu amachitira akalakwitsa, ngati akuima n'kumadandaula kapena akupitiriza, komanso ngati akusintha kuchoka pa ulendo woyamba kufika wachitatu. Apa mwana wa kumudzi ali ndi chopinga chenicheni, chomwe si nzeru koma kusazolowera makina. Amene sadagwirepo mbewa ya kompyuta amataya mphindi zoyamba akulimbana ndi chida m'malo molimbana ndi funso. Maola angapo pa kompyuta ya kusukulu, ya ku telesenta kapena ya wachibale wa m'tauni, ngakhale akusewera magemu oyendetsa galimoto kapena ndege, amachotsa mantha amenewa. Mayeso ena oyamba amalembedwa pa intaneti munthu ali kwawo, ndiye nkhani ya netiweki, bandulo yokwanira ndi kuzima kwa magetsi iyenera kuganiziridwa tsikulo lisanafike.

Chingerezi cha m'ndege n'chapakamwa ndi chakukhutu. Bungwe la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal ndipo limaika malamulo a zandege pa dziko lonse, lili ndi makwerero 6 a chiyankhulochi, ndipo woyendetsa ndege zopita mayiko ena ayenera kufika pa khwerero la 4. Amayesa katchulidwe, kamangidwe ka ziganizo, kuchuluka kwa mawu, kuyankhula mosadodoma, kumva, ndi kuyankhana. Ndipo khwerero la munthu limatengedwa pa gawo lomwe wachita mofooka kwambiri. Ophunzira ambiri a kuno amalemba Chingerezi chabwino koma sadachiyankhulepo kwa mphindi khumi zotsatizana. Kumvera wailesi ya Chingerezi n'kufotokozanso zomwe zanenedwa, kulowa kalabu ya mtsutso kusukulu, ndi kudzijambula mawu pa foni n'kudzimvera kumathandiza kuposa buku la galamala. Olankhula Chichewa ndi Chiyao asamalenso kusiyanitsa "l" ndi "r", pakuti pa wailesi ya ndege, momwe mumakhala phokoso, mawu osamveka bwino amachititsa kuti uthenga ubwerezedwe pa nthawi yomwe mphindi ndi zodula. Sakufuna kuti munthu ayankhule ngati wa ku London, akufuna amveke.

Ntchito ya pagulu ndi mafunso a pamaso ndi pamaso zimayesa chinthu china, ndipo apa chikhalidwe chimalowererapo. Mwana woleredwa bwino ku Machinga kapena ku Balaka amaphunzitsidwa kusayang'ana wamkulu m'maso, kutsitsa mawu, ndi kusatsutsa akulu pagulu. Ndi ulemu wabwino pamudzi, koma m'chipinda choyendetsera ndege ulemu wosatsegula pakamwa udaphetsapo anthu. Mu Malichi 1977, pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zidawombana pa msewu wa ndege kuli nkhungu, ndipo anthu 583 adafa. Kaputeni wa KLM, yemwe adali mphunzitsi wamkulu wa oyendetsa ndege pa kampani yake, adayamba kunyamuka asanapatsidwe chilolezo, ndipo kukayika komwe anzake a m'chipindamo adaonetsa sikudakwanire kumuimitsa. Ngoziyi ndi zina za nthawi imeneyo zidabala maphunziro otchedwa CRM, ophunzitsa ogwira ntchito m'ndege kumverana ndi kudzudzulana posayang'ana udindo. N'chifukwa chake ofunsa amakonda funso lakuti: kaputeni wa zaka zambiri pa ntchito akulakwitsa potera, iwe ndiwe wamng'ono, utani? Woyankha kuti akhala chete poti bwana akudziwa wagwa. Woyankha kuti alanda chiwongolero nthawi yomweyo wagwanso. Yankho lomwe amafuna limakwera pang'onopang'ono: kunena chomwe waona momveka, "Bwana kaputeni, liwiro lachepa", ngati sakuyankha, kubwereza mwamphamvu ndi kunena choyenera kuchitika, kuti ndege ikwerenso akayesenso kutera, ndipo kulanda chiwongolero kumabwera pamapeto penipeni, moyo wa anthu ukakhala pangozi.

Pa ntchito ya pagulu, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amapatsidwa vuto loti alithetse pa nthawi yochepa, oyesa atakhala pambali ndi zolembera. Yankho lenilenilo silikhala nkhani yayikulu. Amaona yemwe akumvetsera, yemwe akukumbutsa anzake za nthawi, yemwe akufunsa maganizo a mnzake amene wangokhala duu, ndi yemwe akusintha maganizo akamva mfundo yabwino. Wolongolola yekhayekha ndi wosayankhula n'komwe amatuluka khomo limodzi.

Patebulo la mafunso pamakhala kawirikawiri kaputeni, wa ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo nthawi zina katswiri wa za maganizo. Kuyambira pomwe wothandizira kaputeni adagwetsa dala ndege ya Germanwings m'mapiri a ku France mu 2015, anthu onse 150 omwe adali m'ndegemo n'kufa, makampani amaunika kwambiri za maganizo a olembedwa ntchito. Mafunso ambiri amafuna nkhani yeniyeni: nthawi yomwe munthu adalakwitsa n'kuvomera, yomwe adasemphana ndi mnzake, yomwe adatsogolera ena. Nkhani sizisowa kukhala zapamwamba. Amene adakhalapo pulifekiti, kaputeni wa timu ya mpira, msungichuma wa kwaya kapena wa gulu la achinyamata a kumzikiti, ngakhale amene adayendetsa geni ya makolo pa msika wa Liwonde mayi ali m'chipatala, ali ndi zokamba zokwanira, bola afotokoze mwadongosolo: zinthu zidali bwanji, iye adachitapo chiyani, zidatha bwanji. Mayankho oloweza pamtima amadziwika msanga, ndipo funso limodzi lotsatira limawaphwasula. Mafomu oyesa khalidwe nawo amafunsa chinthu chimodzi m'njira zingapo, motero wodzikometsera amadzitsutsa yekha. Amayembekezeranso kuti wofuna ntchito adziwe kampaniyo: ndege zake, komwe zimapita, eni ake, ndi pang'ono za mbiri yake. Wofunsidwa ku Malawi Airlines angayembekezeredwe kudziwa, mwachitsanzo, za Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa ku Malawi kukhala kaputeni, yemwe mu 2017 adayendetsa ulendo wopita ku Dar es Salaam womwe ogwira ntchito ake onse adali amayi, wothandizira wake ali Lusekelo Mwenifumbo. Atsikana amalemba mayeso omwewo ndipo amayezedwa ndi mlingo womwewo.

Zina n'zapafupi koma zimapweteka zikaiwalika. Mafunso amachitikira ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja, ndipo wochokera ku Ntaja kapena ku Utale afike dzulo lake, agone mokwanira, asadalire basi ya m'mawa wa tsiku lomwelo. Achenjerenso ndi akathyali: zilengezo zabodza za maphunziro a ndege zimazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp, zopempha ndalama ya fomu yotumiza pa foni. Chilengezo chilichonse chitsimikiziridwe ku ofesi ya kampaniyo, ndipo sukulu iliyonse ikhale yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira zandege la dziko lomwe ili.

Wosankhidwa amapatsidwa mgwirizano woti asayine, ndipo ndi bwino kuuwerenga pamodzi ndi munthu wodziwa malamulo. Mapologalamu ena amalipira zonse koma amamanga wophunzira kuti adzagwire ntchito pa kampaniyo kwa zaka zingapo, kapena abweze ndalama akachoka msanga. Ena ndi ngongole yodulidwa ku malipiro. Ena amangopereka malo a sukulu, ndalama n'kukhala za wophunzira mwini, ndipo salonjeza ntchito. Pa malamulo a ICAO, chiphaso choyamba cha PPL chimafuna zaka 17 zakubadwa ndi maola 40 ouluka, cha CPL cholola kugwira ntchito yolipidwa chimafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 pa maphunziro ovomerezeka a dongosolo limodzi, ndipo cha ATPL, chomwe kaputeni wa ndege zonyamula anthu ambiri amafunika, chimafuna zaka 21 ndi maola 1,500. Wolephera mayeso nthawi zambiri amaloledwa kuyesanso patapita nthawi yomwe kampani yaika, ngakhale ena amaika malire a maulendo oyesera. Kwa yemwe wakanidwa ndi dokotala, kapena amene akudikira chilengezo china, ntchito za m'mabwalo a ndege ziliponso: sukulu ya zandege ya boma ku Lumbadzi imaphunzitsa ogwira ntchito za pansi monga owongolera kayendedwe ka ndege ndi ozimitsa moto, ndipo African Drone and Data Academy, yomwe idatsegulidwa mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF, imaphunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa madironi.